Ma ARV kumudzi: mafunso ndi mayankho

Kalembera wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti Amalawi 84 mwa 100 alionse amakhala kumudzi. Choncho chithandizo cha HIV chikapanda kuyenda kumudzi, ndiye kuti sichikuyenda m'dziko muno. Piritsi limene amamwa munthu wa ku Area 47 ku Lilongwe ndi lomwelo limene amamwa mlimi wa ku Dambe, kumapiri a ku Neno, ndipo m'thupi limagwira ntchito chimodzimodzi. Chosiyana ndi zimene aliyense amataya kuti alipeze. Wa kumudzi amataya ndalama ya kabaza, tsiku lonse la kumunda kapena la ganyu, ndiponso mtendere wa mumtima poopa maso a anthu. Chithandizo chabwino ndi chimene chimachepetsa zotayikazi. Nawa mafunso amene anthu amafunsa kawirikawiri, ndi mayankho ake.

Kodi munthu wa kumudzi angathandizikedi mofanana ndi wa m'tauni?

Inde. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, akatswiri ena a kumaiko olemera ankati ma ARV sangatheke kuno ku Africa. Ati mankhwala ndi odula, madokotala ndi ochepa, ndipo anthu sangasunge nthawi yomwera. Amene anawatsutsa ndi anthu a kumidzi. Bungwe la Médecins Sans Frontières, mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo, linayamba kupereka ma ARV ku Chiradzulu mu 2001 ndi ku Thyolo mu 2003, ndipo anthu amene anali chigonere anadzuka n'kubwerera kumunda. Mu 2004 boma linayamba kupereka mankhwalawa kwaulere m'dziko lonse. Nthawi imeneyo omwa ma ARV anali masauzande ochepa chabe. Lero apitirira 900,000, ndipo amalandirira m'zipatala zoposa 700, zambiri mwa izo zazing'ono za kumidzi. Kafukufuku wa MPHIA wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti mwa akuluakulu 100 alionse amene ali ndi kachirombo, 88 ankadziwa, mwa odziwawo 98 pa 100 anali pa mankhwala, ndipo mwa omwa mankhwalawo 97 pa 100 tizirombo tinali titachepa kwambiri m'magazi mwawo.

Nanga poti mankhwalawa anali odula chomwecho, zinatheka bwanji?

Mtengo unagwa. M'chaka cha 2000, mankhwala a munthu mmodzi a chaka chonse ankagulidwa pafupifupi madola 10,000 a ku America. Mu 2001 kampani ya Cipla ya ku India inalengeza kuti ipanga mankhwala ofanana nawo pa madola 350. Makampani ena atalowa mumpikisano, mtengo unapitirira kutsika. Mu 2017 panachitika mgwirizano woti piritsi latsopano lokhala ndi dolutegravir lizigulidwa pafupifupi madola 75 pachaka, ndipo pofika 2023 thumba la Global Fund linkaligula pansi pa madola 45. Thumba limeneli, lomwe linakhazikitsidwa mu 2002, ndi limene lakhala likugulira Malawi pafupifupi ma ARV onse. N'chifukwa chake palibe amene ayenera kukulipiritsani botolo la ma ARV. Wina akakuuzani kuti mupereke kangachepe, kanenezeni kwa mkulu wa chipatala kapena ku komiti ya chipatala ya m'dera lanu.

Madokotala ndi owerengeka. Amapereka mankhwalawa ndani?

Dziko lino likanadikira kuti chipatala chilichonse chikhale ndi dokotala, bwenzi tikuikabe maliro a Edzi tsiku ndi tsiku. Unduna wa Zaumoyo unasankha kugawa ntchito. Ma clinical officer, ma medical assistant ndi anamwino anaphunzitsidwa kuyambitsa munthu mankhwala ndi kumutsatira. Alangizi a zaumoyo, omwe aja amayendetsa sikelo ya ana m'midzi, anaphunzira kuyeza magazi ndi kulondola amene sanabwere pa tsiku lawo. Kuyambira 2015 palinso anthu olembedwa ntchito yoyeza HIV yokha, kuti namwino asamasiye mayi amene akuchira n'kuthamangira kukayeza magazi. Palinso ma expert client, anthu amene nawonso ali pa mankhwala, omwe amakhala pansi ndi woyamba kumene n'kumulimbitsa mtima ndi zimene iwo eni anadutsamo.

Kuti ntchito isalowe pansi, miyezi itatu iliyonse oyang'anira amafika pachipatala chilichonse chopereka ma ARV. Amafananitsa makhadi a odwala ndi kaundula, n'kuwerenga mabotolo otsala. Ziwerengero zimenezi ndi zimene zimauza likulu kuchuluka kwa mankhwala oti atumizidwe.

N'chifukwa chiyani pafupifupi aliyense amalandira mankhwala a mtundu umodzi?

Chifukwa chinthu chosavuta ndi chimene chimafika kutali. Mankhwala akakhala a mtundu umodzi, kuphunzitsa azaumoyo sikuvuta, kuitanitsa sikusokoneza, ndipo munthu akasamuka amakapeza omwewo kumene wapita. Amene anayamba kale amakumbukira Triomune, womwa kawiri pa tsiku, yemwe ena ankawachititsa dzanzi kumapazi ndi kuwaphwetsa masaya. Kenaka kunabwera 5A, womwa kamodzi usiku, amene ena ankawapatsa chizungulire ndi maloto oopsa. Kuyambira 2019 ambiri amamwa 13A, piritsi limodzi pa tsiku lokhala ndi mankhwala atatu: tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Limachepetsa tizirombo msanga, zovuta zake ndi zochepa, ndipo kachirombo sikalipima msanga. Ena limawasowetsa tulo, n'chifukwa chake ambiri amalangizidwa kumwa m'mawa. Amene piritsili silikuwayanja, monga a vuto la impso, ali ndi mitundu ina yowasinthira.

Kale ankati tidikire chitetezo chitsike. Bwanji lero amayambitsa tsiku lomwelo?

Kudikirako kunkapweteka kwambiri anthu a kumudzi. Kuti munthu ayambe mankhwala, ankayenera kuyezedwa kaye CD4, chiwerengero cha asilikali a m'thupi. Makina ake anali m'zipatala zikuluzikulu, ndipo magazi ankayenera kufikako msanga asanaonongeke. Mayi woyembekezera ankatha kubereka zotsatira zisanabwere. Mu 2011 Malawi anachita chimene dziko lina linali lisanachite: mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachirombo ayambe ma ARV kwa moyo wake wonse, osadikira CD4. Njirayi imatchedwa Option B+. Amayi oyamba mankhwala anachoka pa 1,257 m'miyezi ya Epulo mpaka Juni 2011 kufika pa 10,663 m'miyezi ya Julaye mpaka Seputembala 2012. Bungwe la World Health Organization linaiika njirayi m'malangizo ake a 2013, maiko ena n'kutsatira. Mu 2016 mwayi womwewu unafika kwa aliyense wopezeka ndi kachirombo. Nzeruyi inabadwa chifukwa chosowa makina, koma kafukufuku anatsimikiza pambuyo pake kuti kuyamba msanga ndiko kumateteza moyo.

Kodi ndingayezetse popanda mudzi wonse kudziwa?

Mungathe. Kuyezetsa kuchipatala ndi kwachinsinsi, ndipo zotsatira zimatuluka pasanathe ola. Palinso kachipangizo kodziyezera wekha, kamene umapaka m'nkhama n'kudikira mphindi 20. Njira imeneyi inayesedwa kwambiri ku Blantyre isanafalikire, ndipo kuyambira 2015 Malawi, Zambia ndi Zimbabwe anali maiko oyamba kugawa tizipangizoti mochuluka. Mayi angathe kutengera mwamuna wake kuchokera ku sikelo. Koma kumbukirani kuti kachipangizoka kakaonetsa mizere iwiri, muyenera kupita kuchipatala kukatsimikiza ndi magazi musanayambe mankhwala.

Chipatala chili kutali, ndalama ya kabaza palibe. Ndipite mwezi ndi mwezi?

Ayi, ngati mukupeza bwino ndipo tizirombo tachepa m'magazi. Ku Chiradzulu anayamba mu 2008 kuonana ndi odwala otere kamodzi pa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo kuyambira 2019 boma linayamba kupereka mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi nthawi imodzi. Munthu amene ankayenda maulendo 12 pachaka tsopano amayenda awiri. Kafukufuku amene anachitika ku Malawi ndi ku Zambia anaonetsa kuti olandira mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi sasiya chithandizo kuposa anzawo obwera pafupipafupi. Mzere pachipatala umafupikanso, namwino n'kupeza nthawi yoona bwino amene akudwaladi. M'madera ena azaumoyo amanyamula mankhwala kupita nawo kumidzi pa tsiku lokhazikika, n'kugawira pasukulu kapena pamalo a sikelo. Uzani azaumoyo za mtunda wanu mosabisa, ndipo pemphani kuti tsiku lanu ligwirizane ndi la mkazi wanu, mwamuna wanu kapena mwana wanu, kuti ulendo ukhale umodzi.

Nanga magulu otengerana mankhwala amayenda bwanji?

Njirayi inayambira kwa anansi athu m'chigawo cha Tete ku Mozambique mu 2008, ndipo ku Thyolo inafika mu 2012. Anthu osapitirira asanu ndi mmodzi a m'dera limodzi, omwe ali bwino pa mankhwala, amasankhana okha n'kupanga gulu. Tsiku lotenga mankhwala likayandikira, amakumana pakhomo pa mmodzi wa iwo. Aliyense amatulutsa botolo lake, amawerengerana mapiritsi otsala, amafunsana ngati wina akutsokomola, akutsegula m'mimba kapena akuonda, n'kulemba pa khadi la gulu. Amasonkherana ya mayendedwe, ndipo mmodzi yekha ndiye amapita. Iyeyo amaonedwa ndi wazaumoyo, amapereka lipoti la anzake, n'kubwera ndi mabotolo a onse. Ulendo wotsatira amapita wina, mpaka aliyense ataonedwa.

Phindu lake silithera pa ndalama yosungika. Munthu akayamba kudumphitsa mankhwala, anzake amadziwa msanga kusiyana ndi chipatala. Akagwa mphwayi, pali omudzutsa. Koma gulu silikakamizidwa. Amene safuna kuti anansi adziwe ali ndi ufulu wotenga yekha, ndipo amene wadwala asadikire tsiku la gulu, apite kuchipatala nthawi yomweyo.

Popanda labotale pafupi, adziwa bwanji kuti mankhwala akugwira ntchito?

Amayeza kuchuluka kwa tizirombo m'magazi, chimene azaumoyo amachitcha viral load. Munthu amayezedwa pakatha miyezi isanu ndi umodzi chiyambire mankhwala, kenaka chaka ndi chaka. Wazaumoyo amadontheza magazi pa kakhadi ka pepala kokhala ndi malo asanu ozungulira, amakayanika pamthunzi, n'kukatsekera m'kathumba ka pulasitiki pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi. Magazi ouma chonchi safuna firiji. Anyamata ndi atsikana a njinga zamoto, monga a bungwe la Riders for Health, amazungulira zipatala kutenga makhadiwa kupita nawo kuboma, n'kubwerera ndi zotsatira. Zipatala zina zili ndi makina a GeneXpert, omwe aja oyezera TB, amene amathanso kuyeza viral load ndi magazi a makanda tsiku lomwelo.

Pamene njirayi imafooka ndi pobweza zotsatira. Nthawi zina zimachedwa, nthawi zina zimafika n'kungogona mufayilo. Choncho musachite manyazi kufunsa kuti, "Zotsatira za magazi anga zinabwera? Zikuti bwanji?" Pemphani kuti azilembe m'buku lanu la kuchipatala.

Akandiuza kuti tizirombo tachuluka, ndiye kuti basi kwatha?

Ayi. Tizirombo tikafika 1,000 kapena kuposa pa mililita imodzi ya magazi, kawirikawiri chifukwa chake ndi kudumphitsa mankhwala. Wazaumoyo amakhala nanu pansi kufufuza chimene chikukulepheretsani, kaya ndi njala, mowa, ulendo, nkhanza za m'banja kapena kubisa botolo. Pakatha miyezi itatu mukumwa mwandondomeko amakuyezaninso, ndipo ambiri amapezeka kuti tatsika. Tikapanda kutsika, amaunika ngati kachirombo kapima mankhwala n'kuona zosintha.

Mbali inayo ndi yosangalatsa. Kafukufuku wa HPTN 052, amene mabanja a ku Lilongwe ndi ku Blantyre anatenga nawo mbali, anaonetsa mu 2011 kuti kuyamba mankhwala msanga kumachepetsa ndi 96 pa 100 chiopsezo chopatsira mnzako wa m'banja. Kafukufuku wotsatira anatsimikiza kuti munthu amene tizirombo sitikuonekanso m'magazi mwake sapatsira mnzake kachirombo pogonana.

M'miyezi ya njala, ndimwe mankhwala m'mimba mulibe kanthu?

Imwani. Piritsi la 13A limagwira ntchito kaya mwadya kaya simunadye. Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikatha, ndi pamene ambiri amaganiza zoyamba apumira mankhwala mpaka chimanga chiche. Kuteroko kumapatsa tizirombo mpata wochulukana, thupi n'kufooka pa nthawi imene munda ukufuna mphamvu. Sitikunena kuti njala ndi nkhani yaing'ono. Munthu akayamba kuchira amamva njala kwambiri, ndipo kumwa mankhwala tsiku ndi tsiku uli ndi njala n'kowawa. Ngati mukuonda, pemphani akukwezeni pasikelo ndi kukuyezani mkono, chifukwa onyentchera amayenera kulandira chiponde kapena ufa wa Likuni Phala pamene zilipo. Zakudya zodula si zofunika. Nsima ya mgaiwa, nyemba, nandolo, usipa, bonongwe wotendera ndi zipatso za nyengo yake n'zokwanira.

Ndisunge bwanji mankhwala a miyezi yambiri, nanga ndikaiwala kumwa?

Firiji siyofunika. Sungani mabotolo pouma, kutali ndi dzuwa, moto ndi ana, ndiponso pamene denga silidontha. Tsegulani botolo limodzi, ena akhale chitsekere, ndipo musataye kapaketi koyamwa chinyezi kamene kali m'katimo. Sankhani nthawi yogwirizana ndi chinthu chimene mumachita tsiku lililonse, monga kusukusula m'mawa. Mukaiwala n'kukumbukira tsiku lomwelo, imwani pomwepo. Mukakumbukira nthawi ya piritsi lotsatira itayandikira, ingopitirizani monga mwa masiku onse, osamwa awiri. Amayi oyembekezera amene akumwa mapiritsi oonjezera magazi, ndi onse omwa mankhwala a chilungulira, afunse azaumoyo za katalikitsidwe ka nthawi, chifukwa mankhwala amenewa amatha kulepheretsa dolutegravir kulowa bwino m'thupi.

Ngati mankhwala alipo, bwanji anthu ena akumwalirabe?

Ambiri mwa iwo ndi ofika mochedwa, kapena amene anasiya mankhwala n'kubwera atafooka kale. CD4 ikatsika kufika pansi pa 200, matenda amene thupi likanawagonjetsa amapeza polowera. Oopsa kwambiri ndi TB ndi matenda oumitsa khosi oyamba ndi cryptococcus. Masiku ano pali tizipangizo tosavuta, tosafuna magetsi: kena kamayeza TB m'mkodzo, kena kamapeza cryptococcus m'magazi munthu asanayambe kudwala, n'kupatsidwa fluconazole. Bactrim wa tsiku ndi tsiku amateteza ku chibayo, kutsegula m'mimba ndi malungo, ndipo pali mankhwala opewera TB omwa kamodzi pa sabata kwa miyezi itatu. Amene ali pa mankhwala ochiza TB amaonjezeredwa piritsi lina la dolutegravir pakatha maola 12, chifukwa rifampicin, mmodzi mwa mankhwala a TB-wo, amalichepetsa mphamvu.

Abale, musadikire. Munthu akamamva mutu wosaleka, khosi kuuma, kusokonezeka maganizo, kupuma mobanika kapena kulephera kuyenda yekha, pezani njinga kapena machira tsiku lomwelo.

Nanga ana?

Ana ndiwo atsalira m'mbuyo, ndipo apa m'pofunika khama la tonse. Khanda lobadwa kwa mayi amene ali ndi kachirombo limamwa mankhwala oteteza kwa masabata asanu ndi limodzi oyamba, kenaka limayezedwa magazi n'kuyamba Bactrim. Limayezedwanso likakwanitsa chaka chimodzi ndi zaka ziwiri, popeza kachirombo kangathe kulowa nthawi yoyamwa ngati mayi sakumwa bwino mankhwala. Kale mankhwala ena a ana anali amadzi, owawa kwambiri ndiponso ofuna firiji. Kuyambira 2021 kuli dolutegravir wa ana, kapiritsi kotsekemera kosungunula m'madzi pang'ono. Mlingo wake umatsata kulemera kwa mwana, choncho mwana azipita nanu kuchipatala kuti akwere sikelo. Musamangomutengera mankhwala ali kunyumba. Agogo amene mukulera adzukulu amasiye, kawayezetseni ngakhale akuoneka athanzi.

Achinyamata ali ndi mavuto awo: kusukulu yogonera komweko, zibwenzi, ndi mkwiyo akazindikira mochedwa chimene akhala akumwera mapiritsi. Ma Teen Club, amene anayambitsidwa ndi a Baylor ku Lilongwe n'kufalikira m'maboma ambiri, amakumana Loweruka kuti ana asajombe kusukulu. Mwana auzidwe zoona pang'onopang'ono, molingana ndi msinkhu wake, asanazimve kwa anthu ena.

Bwanji abambo ambiri safika kuchipatala?

Mayi amafika kuchipatala chifukwa cha mimba ndi sikelo ya ana. Bambo alibe chomufikitsako mpaka atadwalika. Ndiponso ntchito za abambo ambiri ndi zoyendayenda: msodzi amatsata usipa kuchoka ku Mangochi mpaka ku Nkhotakota, tenanti amakakhala miyezi yambiri kumunda wa fodya ku Kasungu, wina amapita ku Johannesburg kukasaka maganyu. Chipatala chotsegula m'mawa wokha chimamuuza munthu wotere kuti asankhe pakati pa mankhwala ndi chakudya cha ana ake. Zimene zathandiza ndi kufikitsa chithandizo kumadoko ndi kumisika, kupatula nthawi ya abambo, ndi kupereka mankhwala a miyezi yambiri. Bambo, ngati muli ndi ulendo, nenani kuchipatala musananyamuke. Adzakupatsani mankhwala okwanira kapena kalata yosamukira. Mankhwala akakutherani muli kutali, pitani pachipatala chilichonse chopereka ma ARV ndi buku lanu, akakupatseni oyembekezera.

Kumudzi aliyense amadziwa mnzake. Chinsinsi chingasungike?

Nkhawa imeneyi ndi yomveka. Ena amadutsa chipatala cha kwawo n'kukatengera kutali, poopa kuonedwa pakhomo la chipinda chodziwika kuti ndi cha ma ARV. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kusala munthu chifukwa cha kachirombo ndipo limateteza chinsinsi chake. Wazaumoyo woulula za wodwala walakwira lamulo. Koma kakonzedwe ka chipatala nakonso kamathandiza. Ku Neno, kumene bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likugwira ntchito ndi boma kuyambira 2007, anaphatikiza mu 2015 chithandizo cha HIV ndi cha matenda ena okhalitsa. Wa shuga, wa kuthamanga kwa magazi, wa khunyu, wa mphumu ndi wa HIV amakhala pa benchi imodzi tsiku limodzi, ndipo wodutsa sangadziwe chimene aliyense wabwerera. Njirayi ili ndi phindu linanso: anthu omwa ma ARV tsopano akukalamba, ndipo akufunika kuyezedwa BP, shuga ndi khansa ya khomo la chiberekero. Ngakhale zili choncho, pezani munthu mmodzi womukhulupirira woti adziwe, kuti tsiku lodwala adzakuthandizeni.

Abusa andipempherera, asing'anga andipatsa zitsamba. Ndisiye mankhwala?

Musasiye. Pakadali pano palibe mankhwala a zitsamba, madzi odalitsidwa kapena pemphero limene latsimikizika kuti limachotsa HIV m'thupi. Akuluakulu akukumbukira mchape wa ku Machinga mu 1995, pamene anthu miyandamiyanda anakhamukira kukamwa, koma Edzi inapitirira kupha. Chimene chimasokoneza ena ndi mawu akuti tizirombo sitikuoneka m'magazi. Kusaoneka si kutha. Tabisala m'thupi, ndipo mukasiya mankhwala timachulukananso m'masabata ochepa. Pempherani, ndipo imwani mankhwala. Zipatala za mipingo za CHAM nazonso zimapereka ma ARV omwewa, ndipo abusa ndi mashehe ambiri amalimbikitsa anthu awo kumwa mwandondomeko. Ngati mukumwa zitsamba zilizonse, auzeni azaumoyo, chifukwa zina zimalemetsa impso ndi chiwindi.

Madzi akasefukira, misewu n'kuduka, zimatha bwanji?

Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anasamutsa anthu oposa theka la miliyoni kummwera, ndipo ku Nsanje, Chikwawa, Phalombe ndi Mulanje ambiri anathawa opanda botolo kapena buku. Azaumoyo anayenda m'misasa, ena pa mabwato, kufunafuna omwa mankhwala. Phunziro lake ndi kukonzekeratu. Chipatala cha kumalo odukaduka chilandire mankhwala okwanira dzinja lisanayambe, ndipo odwala apatsidwe oti awafikitse m'chilimwe. Inuyo kulungani buku ndi botolo m'pulasitiki, muike pamalo oti mungatenge mothamanga. Lowezani dzina la mankhwala anu, monga 13A, ndi chipatala chimene mumalandirira. Buku likatayika, zimenezi n'zokwanira kuti akuthandizeni.

Tamva za jakisoni. Kodi alowa m'malo mwa mapiritsi?

Majakisoni amene akukambidwa kwambiri ndi oteteza anthu amene alibe kachirombo. Cabotegravir amabayidwa miyezi iwiri iliyonse, ndipo lenacapavir, amene World Health Organization inavomereza mu 2025, amabayidwa kawiri pachaka. Jakisoni wa anthu amene ali kale ndi kachirombo aliko, koma mbali ina ya mankhwala ake imafuna firiji, ndipo munthu amayenera kufika kuchipatala osaphonya tsiku. Kwa wa kumudzi lero, piritsi limodzi pa tsiku ndi botolo la miyezi isanu ndi umodzi ndiyo njira yodalirika.

Thandizo la kunja likatha, tidzatani?

Funso limeneli ndi lalikulu kuposa onse. Ndalama zoposa 90 mwa 100 za ntchito ya HIV m'dziko muno zakhala zikuchokera kunja, makamaka ku Global Fund ndi ku PEPFAR, ndondomeko ya boma la America yomwe inayamba mu 2003. Mu Januwale 2025 boma la America litaimitsa thandizo la kunja kuti liunikenso, mabotolo anali m'mashelefu, koma ntchito za anthu ambiri oyeza magazi, olemba ziwerengero, onyamula makhadi a magazi ndi olondola odwala zinagwedezeka. Apa tinaona kuti chithandizo si piritsi lokha. Ndi anthu onse amene amalifikitsa kwa mwini wake, ndipo amene amayamba kuvutika iwo akachoka ndi wa kumudzi wakutali.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Mu 2001 maiko a mu Africa analonjezana ku Abuja kuti azipereka 15 pa 100 ya bajeti yawo ku zaumoyo, ndipo dziko lathu zaka zambiri silifikapo. Boma liyenera kuyamba kulemba pa malipiro ake antchito amene akhala akulipidwa ndi mabungwe, kuikapo ndalama zake pogula mankhwala, ndi kutseka mipata imene mankhwala amabedwera. Aphungu athu tiwafunse za zimenezi maso ndi maso.

Ine ndinasiya kumwa kalekale. Akandilandira?

Akakulandirani, ndipo ndi udindo wawo kutero. Anthu ambiri amasiya kwa kanthawi chifukwa cha maliro, ulendo, kutha kwa banja kapena kutopa, ndipo ambiri amabwerera n'kukhalanso bwino. Pitani ndi buku lanu ngati lilipo. Nenani zoona kuti munkamwa kale, mankhwala ake ndi nthawi imene munasiya. Musayezetse ngati munthu watsopano, chifukwa kubisa kumachititsa kuti asakuunikeni matenda amene angakhale atalowa.

Kwa azaumoyo, mawu oyamba amene mungalankhule kwa wobwerera ndi amene angamusunge kapena kumuthawitsa. Munthu amene wayenda maola atatu wapansi asalandiridwe ndi kalipa. Mafumu, letsani miseche yosala anzanu pamaliro ndi pamjigo, ndipo itanani azaumoyo kumisonkhano ya m'mudzi. Mipingo ndi mizikiti, thandizani a njala ndi osowa ya mayendedwe. A pabanja, ngati m'bale wanu wasiya mankhwala, musamuweruze. Mufunseni chimene chamulepheretsa, mubwerekeni njinga, ndipo mumuperekeze kuchipatala sabata ino.